Timibulu Tisanu ta Adona

Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri pamene ndinalowa ntchito m'dimba la maluwa, kunyumba ya bwana wamkulu wa esiteti ya tiyi. Popeza ndinkadziwa kuwerenga pang'ono, adona, akazi a bwanayo, anandipatsa ntchito yosamala maluwa oika m'nyumba. Anandiphunzitsa kudula phesi mopendeketsa, kusadzula masamba a m'munsi, ndi kukonza madzi ake: mtsuko wodzaza, kasupuni ka shuga, ndi timibulu titatu takuda ta m'kabotolo kena. Timibuluto tikagwa, madzi ankasanduka ofiirira ngati mkati mwa duwa la mbatata, ndipo marozi ankatha sabata osafota. Adona anandichenjeza kuti mankhwalawo asadzafike pakamwa pa munthu.

Nthawi ina aphunzitsi a kutchalitchi kwathu ku Nchilamwela analengeza kuti Lamulungu kubwera abusa, ndipo anadandaula kuti tebulo lathu ndi losawala. Ine sindinkatha kuyimba kapena kulankhula pagulu, koma izi ndinkazitha. Lachinayi ndinatola marozi amene akapitawo a m'dimba anataya potengulira. Kenako ndinachita chimene ndinali ndisanachitepo: ndinatsegula kabotolo kaja, n'kukulunga timibulu tisanu m'kapepala.

Ndinkakhala kwa achemwali anga, amene anali ndi kamwana kakakazi ka zaka zitatu. Kumeneko kunalibe mtsuko wagalasi, choncho ndinakonzera madziwo m'kamphika, n'kukabisa kuseri kwa nkhokwe. Madzi otsala ndinawasiya m'chikho. Kwathu mwana amadziwa kuti za m'chikho n'zakumwa, koma ine sindinaganize.

Loweruka m'mawa ndikuchokera kokatema nkhuni ndinamva achemwali akulira. Mwana anali atakhala pansi, milomo ndi lilime zili bii, chikho chili pambali chopanda kanthu. Ankanena kuti thobwa la amalume ndi lotsekemera. Amayi oyandikana nafe anafika, ena akuti am'mwetse phulusa, ena akuyang'ana zala zanga, zimene zinali zodetsedwa mofanana ndi milomo ya mwanayo.

"Achimwene, mwam'patsa chiyani mwana wanga?" anafunsa achemwali.

Ndinangomunyamula mwana n'kuyamba kuthamanga.

Njira yopita kuchipatala cha amishoni inkadutsa m'minda ya tiyi, ndipo kunali nkhungu. Ndinkamugwedeza pafupipafupi kuti asagone, n'kumamuuza kuti andiyimbire. Atasiya kuyankha, ndinagwada pakati pa mizere kuti ndimve ngati akupuma. Ankapuma, koma anasanzira pamalaya anga zinthu zodera. Ndinaganiza kuti ndi magazi. Kumbuyo ndinkamva achemwali akuitana dzina lake.

Kumishoni linali tsiku la Sabata, anthu onse ali m'tchalitchi. Ine amene ndinkaopa ngakhale kupereka moni kwa mlendo ndinaima pakhomo n'kufuula pakati pa nyimbo. Panatuluka anamwino achikulire, atavala zoyera. Anamutsegula mwana pakamwa, n'kundifunsa chimene wamwa. Ndinadziwa kuti ndikanena, nkhani yakuba ifika kwa adona. Ndinanena zonse, kabotolo, shuga, mtsuko, ndi muyeso wake.

"Munatenga tingati, bambo?"

"Tisanu."

"M'madzi munaika tingati?"

"Titatu, monga anandiphunzitsira."

"Nanga tiwiri tili kuti?"

Anafotokoza kuti madzi osungunula chotero sapha, iwonso amatsukira zilonda mankhwala omwewo, koma ngati mwana wameza timibulu touma, tamuwotcha m'mimba. Sindinakumbuke kumene ndinasiya kapepala kaja. Mwina pankhokwe, pamene mwana ankasewera. Ndinapisa m'thumba lamanja, munalibe. Lamanzere, munali chingwe chokha. Achemwali anali atafika, akundiyang'ana osaphethira. Ndinavula malaya onyowa aja, ndipo m'kathumba ka pachifuwa ndinapeza kapepala kataderako ndi thukuta. Anamwino anandilanda kapepalako. Atakatambasula, timibulu tiwiri tinali momwemo.

Anamumwetsa mwana mkaka ndi madzi ambiri, ndipo dzuwa likupendeka mwanayo anayamba kulirira nthochi. Anamwino anandiuza kuti munthu wowerenga bwino chotere aphunzirenso kusunga mankhwala pamwamba. Timibulu tiwiri tija anatisunga okha. Pobwerera achemwali anabereka mwana, ndipo sanandilole kuti ndiwalandire ngakhale pachitunda.

Lamulungu m'mawa ndinapeza marozi kuseri kwa nkhokwe ali bwinobwino, palibe ngakhale limodzi lowerama. Ndinawatsuka mapesi, n'kuwaika m'madzi a pachitsime. Aphunzitsi anandiyamika pamaso pa abusa, koma ine maso anali kumbali ya azimayi, kumene mwana anakhala pamiyendo ya achemwali, milomo ikadali yodera, akuseweretsa mpango wawo.