Malonje a Alamu Anga

Apolisi anagogoda Lamulungu masana, m'nyengo yozizira ya 1986, kuhositelo ya mgodi ku Rustenburg. "Vula!" anakuwa m'chilankhulo cha kumeneko, kutanthauza kuti tsegulani. M'chipindamo tinali a kwathu okhaokha, tikumva malonje.

Ngakhale ku Joni mwambo ndi womwewo: munthu akafika kuchokera kumudzi mumakhala pansi, iye n'kufotokoza zonse. Mlendo wathu anali alamu anga, amuna a mlongo wanga, ndipo analowa m'dzikomo mozemba, opanda chitupa. Ankatiuza kuti boma latenga ngongole kunja, eni ndalamazo n'kulamula kuti feteleza asamatsitsidwenso mtengo. A maesiteti a fodya ankagulabe. Alamuwo anabzala chopanda feteleza, chimanga n'kungopinimbira. "Ana akugonera phala la madeya, alamu," anatero.

Ife tinaiwala kuti masiku amenewo anthu akuda akasonkhana, apolisi ankati ndi ndale. Alamu anatulukira pawindo, ena n'kutsatira. Ine ndi thupi langali, windolo linandikana, apolisi n'kundigwira.

Kupolisi mzungu ankafunsa, womasulira ali pambali.

"Amalankhula za boma ndani?"

"Ndine, bwana."

"Boma liti?"

"Lakwathu, bwana. Nkhani ya feteleza."

Anaseka. "Iwe wa pansi pa mgodi, feteleza ukathira pamwala?"

Zimene zinatsatira sindilemba zonse. Khutu langa lakumanzere linasiya ntchito tsiku limenelo.

Ndikanangotchula alamu, akanawasaka n'kuwabweza kunjala komwe anathawa, ana aja n'kutsala opanda wowatumizira kanthu. Msilikali wina wa ndende, Mtswana wachikulire, ankati akabweretsa madzi n'kundinong'oneza kuti, "Iwe wa ku Malawi, tchula dzina uzipita." Mantha ndinali nawo, sindibisa. Koma ndinkapsanso mtima. Ngongoleyo sanandifunse ine, ndalama zake sindinazione n'komwe, koma ndinkailipira chogona pasimenti m'dziko la eni.

Anandimasula mvula itayamba. Ntchito inali itatha, ndipo anandikweza galimoto yobwerera kwathu. Kumudzi ndinapeza ana onse ali moyo, akudya kawiri patsiku. Alamu anali atapeza ganyu kwa kontilakita ku Joni komweko, ankatumiza ndalama mwezi ndi mwezi.

Mlongo wanga sanandilandire ndi nthungululu ayi. "Achimwene, ntchito yabwinobwino kuitaya chifukwa cha ndale? Pamsinkhu wanuwo, manyazi mulibe?"

Alamu sanamuuze zoona zake, inenso sindinamuuze mpaka mlongo wangayo anamwalira. Anthu amandifunsa kuti ufulu ndinaumva bwanji nditatuluka. Ndinaumva madzulo amenewo, nditakhala pakhonde, akundikalipira munthu wokhuta.