Tsiku limene Yanuar anati inde

Pak Darsiman amamata matayala a njinga zamoto pansi pa mtengo wa mango, moyang'anizana ndi kanyumba kanga kometera, pamsewu wopita kumsika ku Kebumen. Ndawameta kwa zaka zoposa makumi awiri, moti mutu wawo ndimaudziwa kuposa wanga. Ntchito yawo ndi ya matayala, koma chimene chinawatchukitsa ndi khutu. Njinga ikamadutsa, iwo atawerama pabeseni la madzi kufufuza pamene chubu chabooka, ankanena osadzutsa mutu kuti iyoyo sitha sabata isanagone. Ndipo inkagonadi. Anthu anawapatsa dzina loti Pak Kuping, kutanthauza Bambo Khutu. Iwo ankachita ngati dzinalo sakulifuna, chonsecho ukawaitana nalo ankatembenuka msanga kuposa ukawaitana dzina limene anawapatsa makolo awo.

Tonse a mumsewu uno timachemerera Walet, timu yaing'ono ya mpikisano wa njinga zamoto. Ili ndi njinga ziwiri zabuluu, ndipo wokwera amene timamudalira ndi Panji, mwana wa m'boma lino. Mpikisano ukamachitikira pabwalo la ndege lakale, Loweruka ndi tsiku loyeserera, ndipo ife tinali ndi mwambo wathu. Tinkatseka malonda, n'kupita tonse kukaima kumpanda wa waya. Pak Darsiman ankafulatira msewu, n'kutsinzina, n'kudikira kuti Panji adutse katatu. Akatero ankatembenuka n'kutiuza ngati injini ili bwino kapena ikudwala. Zimene anena Loweruka n'zimene tinkapita nazo kumpikisano Lamlungu.

Kwathu kuno munthu wamkulu satsutsidwa pamaso. Akalankhula umaweramitsa mutu n'kunena kuti inde. Inde ameneyu amatha kutanthauza kuti ndavomera, kapena ndamva, kapena mukunama koma ndinu akulu. Aliyense amadziwa kusiyanitsa kwake, ndipo timakhala nazo mwamtendere. Munthu mmodzi yekha amene mwambowu unamudutsa kutali ndi Yanuar, wogulitsa mafoni pakona, bambo wa ana awiri koma pakamwa popanda chitseko. Kwa zaka zisanu ndi zitatu iye ndi Pak Darsiman akhala akukangana pa benchi ya Bu Sumirah, mayi amene amatigulitsa khofi ndi tempe, chakudya cha soya chokazinga. Wina ankadalira khutu, wina manambala a pafoni. Ife tinkati Yanuar ndi wamwano, koma tsiku limene sanabwere khofi sankakoma.

Chaka chimenecho njinga ya Panji inkachita bwino pokhota, koma ikafika pamsewu woongoka anzake ankaidutsa ngati yaima. Mipikisano isanu itatha, isanu itatsala, a Walet analengeza kuti abweretsa injini yokonzedwa mwatsopano. Benchi ya Bu Sumirah inagawanika tsiku lomwelo. Yanuar ankayenda ndi foni m'manja, kuonetsa aliyense mphamvu zimene injiniyo akuti iwonjezera, ngakhale anthu ongobwera kudzagula tempe. Pak Darsiman ankati mako ndi mako usamuone kuchepa mwendo. Injini yakaleyo Panji ankaidziwa mtima wake, ndipo kumusinthira pakati pa chaka kunali kumupatsa mlendo woti ayambe kuphunzirana naye anzake akuthamanga. Yanuar ankayankha kuti mayi ameneyu wachepa miyendo yonse iwiri. Anakangana choncho masabata awiri, mpaka mkuluyo anati nkhani ithera kumpanda, akaimva yekha injiniyo ikulira.

Pali zina zimene ine ndinali nditayamba kale kuona, poti wometa amagwira ntchito pafupi ndi makutu a anthu. Ndikalankhula ndili kumanzere kwawo sankandiyankha. Mayi akunyumba kwawo, Bu Ngatmi, anandiuza moseka kuti masiku ano amawaitana katatu chakudya chikapsa. Nthawi ya mapemphero Pak Darsiman ankanyamuka ataona ena anyamuka. Ndinaziona zonsezi ndipo sindinanene kanthu. Ndinkachita mantha, chifukwa munthu amene dzina lake ndi Khutu ukamuchotsera khutulo umusiyira chiyani.

Loweruka lija kunali dzuwa loswa mtengo. Tinafika anthu khumi ndi awiri, ndipo Pak Darsiman anaima pamalo pawo, nafulatira msewu, natsinzina. Njinga zisanatuluke, chimkuzamawu cha pabwalo chinalengeza kuti oyendera malamulo sanamalize kuunika injini yatsopano ya Walet, choncho Panji ayenda ndi yakale yomwe ija sabata imeneyo. Tonse tinamva. Ena anadandaula chapansipansi, Yanuar anamenya waya ndi chikhatho. Pak Darsiman sanagwedezeke, ndipo ine ndinaganiza kuti mwina amva koma akufuna kumaliza mwambo.

Panji anadutsa koyamba, kachiwiri, kachitatu. Mkuluyo anatembenuka pang'onopang'ono, nkhope ili ngwee.

"Yanuar, mwana wanga, ndagonja," anatero. "Yatsopanoyi ikupuma bwino. Yakale ija inkatsokomola ikafika kumapeto kwa msewu woongoka, koma iyi ikungoyenda myaa. Khutu langa silinama."

Palibe anayang'ana mnzake. Sarpin, woyendetsa galimoto ya mchenga, ndiye anayamba kunena kuti inde, ndipo enafe tinatsatira mmodzimmodzi. Nanenso ndinatero. Onse tinali kudikira Yanuar, poti mwayi ngati umenewu anali ataufunafuna zaka zisanu ndi zitatu. Anatsegula pakamwa, anayang'ana foni yake, kenako anaiika m'thumba.

"Inde, Pak," anatero, ataweramitsa mutu.

Pak Darsiman anamuyang'ana nthawi yaitali ndithu. Pobwerera anakwera kumbuyo kwa njinga yanga. Lamlungu Panji anamaliza pa nambala yachinayi, monga mwa masiku onse, atadutsidwa pamsewu woongoka womwe uja.

Lolemba m'mawa Pak Darsiman anabwera kudzameta, ngakhale kuti ndinali nditawameta masiku khumi okha apitawo. Ndinawakulunga nsalu n'kuyamba kudula mpweya ndi lumo, poti tsitsi loti n'kudula panalibe. Anandiyang'ana m'galasi, nanditchula dzina.

"Mas Wagiran, mnyamata uja anandiyankha kuti inde," anatero. "Ameneuja ngakhale nditati kunja kwacha amayamba waona pafoni. Inu nonse mukati inde sindidabwa, ndi mmene tinaleredwera. Koma iye? Tandiuzani, chimkuzamawu chija chinanena kanthu?"

Ndikanatha kunena kuti inde n'kusiyira pomwepo. Koma anali atandifunsa mwachindunji, ali pampando wanga. Ndinawauza motsitsa mawu kuti Panji anayenda ndi injini yakale. Ndinaona m'galasi kuti akuyang'ana milomo yanga ndipo sanamve. Ndinazungulira kumanja kwawo, n'kuwerama, n'kubwereza mokweza, moti ngakhale Bu Sumirah kutsidya la msewu anasiya kutembenuza tempe. Sindinachitepo manyazi ngati tsiku limenelo, ndipo manyaziwo sanali a iwo, anali anga.

Manja ali pansi pa nsalu, Pak Darsiman anandiuza kuti ndimalize kumeta, ndipo ndinapitiriza kudula mpweya mpaka anakhutira. Anabwerera pansi pa mango pawo n'kumata matayala tsiku lonse. Sabata imeneyo sanabwere kubenchi. Yanuar ankabwera, n'kumwa khofi wake mwakachetechete ngati munthu wodwala dzino, ndipo nkhani ya injini palibe ankaiyambitsa. Bu Sumirah anadandaula kuti benchi yake yasanduka pamaliro.

Patatha masabata atatu mpikisano unabwereranso pabwalo lathu, ndipo ulendo uno injini yatsopano inali italoledwa. Sitinkayembekezera kuti Pak Darsiman apita, koma tinangoona atseka beseni lawo ndi thabwa, avala kapu yabuluu. Titafika kumpanda sanafulatire. Anaima moyang'ana msewu ngati wina aliyense, maso ali tong'o, zala zitagwira waya. Panji anadutsa katatu, ndipo mwachizolowezi tonse tinatembenukira kwa iwo. Anthu khumi ndi awiri tinali titakonzeka kale ndi inde wathu.

"Yanuar," anatero, "foni yakoyo ikuti chiyani?"

Yanuar anatulutsa foni mozengereza, nasunthira kumanja kwawo, nawerenga mokweza nthawi imene Panji wathamanga kuzungulira bwalo. Inali yocheperapo pang'ono poyerekeza ndi ya sabata zapitazo. Pak Darsiman anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anapukusa mutu. Anati manambalawo ndi abodza, njingayo ikuvina kumbuyo ikamatuluka pokhota, aiona ndi maso awo, ndipo injini imeneyi idya tayala mpikisano usanathe. Za matayala, anawonjezera, asawaphunzitse wogulitsa mafoni.

 Yanuar anayang'ana ine, anayang'ana Sarpin, kenako anayang'ana mkuluyo, amene anali atapendeketsa mutu kumudikira. Ndiye anakoka mpweya, nayandikira khutu lakumanja lija.

"Mukunama, Pak. Palibe chimene mukudziwa inu. Tayala limenelo lifika mpaka chaka chamawa."

Anthu a matimu ena amene anaima pafupi anatembenuka, kudabwa kuti mwana wopanda mwamboyu ndi wa kwa yani. Pak Darsiman anasiya waya, nakonza kapu yawo, nayamba kumufotokozera Yanuar ndi manja onse awiri mmene tayala limathera. Anakangana kuchokera pamenepo mpaka pa benchi ya Bu Sumirah, wina akukuwa, wina akuti abwereze.