Tsiku limene amayi anakumba manda ku Wimbe

Uthenga wa maliro a alongo anga unandipeza ku Kasungu kutatsala sabata ziwiri kuti tivote. Mlamu wanga anangoti pafoni, "Bwerani msanga, adzukulu akana kukumba manda." Malemuwo anali wapampando wa chipani china m'mudzimo, pamene anyamata okumba manda anali a chipani chinzake.

Ndinanyamuka sikisi koloko m'mawa pa minibasi ya K5,000. Kondakitala anatipanikiza ngati fodya m'belo, koma palibe anadandaula. Aliyense ankayamba wasuzumira chitenje cha mnzake asanatsegule pakamwa. Ine ndinangodya mandasi anga awiri mwakachetechete.

Cha m'ma naini ndinatsika pa Wimbe n'kukwera njinga yamoto ya K3,000. Njira yonse zitsa zokhazokha, mitengo inathera kumangira zigafa za fodya. Kunalibe mthunzi, ngakhale mbalame sindinaimve.

"Ndikakusiyani pamjigo, mayi," anatero wanjingayo. "Kupitirira apo ayi."

M'mudzi munali zii, popanda ngakhale nyimbo ya maliro. Mlamu wanga ndinamupeza pambali pa bokosi akuingitsa ntchentche ndi mpango, ndipo ndi kutentha kuja tonse tinkadziwa kuti thupi silifika mawa. Misozi inandikana, mantha okhaokha. Kenaka ndinamva gu! gu! gu! kuchokera kumanda, nkhalango yokhayo yomwe yatsala kwathu.

Ndinalondola phokosolo. Pansi pa mitengo ndinapeza amayi atavala zitenje za zipani motembenuza, nkhope za atsogoleri zikuoneka mwa chizimezime ngati mizukwa. Anali a gulu lodzala mitengo, ochokera m'zipani zonse ziwiri, akukumba ndi mapiki omwe amakumbira maenje a mbande. Chibadwire sindinaonepo mkazi m'dzenje la manda.

"Mayi Phiri, si malaulo amenewa?" ndinafunsa mtsogoleri wawo.

"Malaulo ndi munthu kuwolera m'nyumba, achemwali. Gwirani khasu ili."

Ndinagwira. Nthaka inali gwa, mvula italeka kalekale. Dzenje litafika m'chiuno, masamba ouma anachita tswa. Amuna anali ataima kuseri kwa mitengo, akutiyang'ana. Patsogolo pawo panali mkulu wa adzukulu, mwana wa Mayi Phiri yemwe.

"Amayi, tulukanimo. Mukutichititsa manyazi."

"Ndituluke alowe ndani?" anayankha osasiya kukumba. "Tsiku langa likadzakwana, udzayambanso wafunsa chipani changa?"

Bamboyo anavula malaya a chipani, nawapachika panthambi, nalumphira m'dzenjemo. Anzake anatsatira mmodzimmodzi, maso ali pansi.

Za mtendere ndinkazimvera pawailesi n'kumayasamula, sindinkadziwa kuti zimatulutsa matuza m'manja. Alongo anga tinawaika cha m'ma folo, ndipo dothi loyamba litagwera pabokosi m'pamene ndinayamba kulira.