Ine, Atate ndi Mabuku a m'Makutu

Ndinaganiza zochoka ku Livingstone tsiku limene mwini galimoto imene ndinkayendetsa anaigulitsa ine ndili m'kati mwake. Ndinali ku Mukuni, kudikira azungu awiri amene ankakangana mtengo wa mvuu yosema, foni n'kulira. Anali mwini galimoto uja. Akuti, "Ba Lameki, mukabasiya abo bantu mubwelese makiyi. Motoka nagulisa." Zimene ndinamuyankha sindingazilembe pano. Anthu amati mtima wanga uli pafupi, ndipo sindikana. Mnzanga wina anali atandiuza kale kuti ku Solwezi kukufunika oyendetsa mabasi onyamula anthu a kumgodi, kontirakiti ya chaka. Sabata yomweyo ndinavomera.

Mutinta, mkazi wanga, sanatsutse. Iye amachapa ndi kusita ku loji ina ku Nakatindi. Amachoka m'mawa, amabwera dzuwa litalowa, ndipo malipiro ake okha sakanatisunga poti mwana wathu Chipo ali ku koleji ku Lusaka. Vuto linali atate.

Atate anachoka ku Katete ali mnyamata kudzagwira ntchito ya njanji, ndipo moyo wawo wonse anali munthu wowerenga chilichonse, ngakhale nyuzipepala yokulungira kapenta. Maso awo atafa ndi matenda a shuga, ntchito yowawerengera inagwera ine. Sinali ntchito yamtendere. Ndikangowerenga mizere itatu, iwo, "Bwereza." Ndikabwereza, "Wolemba ameneyu ndi wabodza." Ine n'kukwiya, iwonso n'kukwiya, mpaka anthu oyandikana nafe ku Maramba anazolowera kuti kwa a Phiri kukamveka phokoso si ndewu, ndi buku.

Ndisananyamuke ndinapita m'tauni kwa munthu wina amene amaika nyimbo ndi mafilimu m'timakhadi ta mafoni. Ndinamuuza kuti ndikufuna mabuku ochita kuwerengedwa, oti munthu uzingomvera. Anandiikira mabuku ofanana m'makhadi awiri, ambiri a Chingerezi. Khadi lina linali langa, linalo ndinaliika m'kawailesi ka mabatani akuluakulu kamene ndinawagulira atate. Pangano linali losavuta. Tizimvera buku limodzi, iwo kuno ine uko, ndipo Lamlungu masana ndiziimba foni tizikambirana.

Anakapapasa kawailesiko mbali zonse, n'kufunsa, "Nanga ameneyu akalakwitsa ndimuuza bwanji?"

"Salakwitsa, atate. Ndi ntchito yake."

"Ooh," anatero. Ine ndinaona ngati nkhani yatha.

Ku Solwezi ntchito yeniyeni si kuyendetsa, ndi kudikira. Umatula a shifiti ya m'mawa, n'kuimika basi pafumbi lofiira, n'kukhala. Anzanga ankasewera dirafuti, ena ankagona pansi pa basi. Chikaonde sindichidziwa, Chibemba changa ndi chogulira tomato basi, ndipo nditangofika kumene ndinayambana ndi dalaivala wina chifukwa cha malo oimikapo. Kuyambira pamenepo ankandipatsa moni wa patali. Ndinkagona m'kachipinda kuseri kwa shopu ya munthu wina, momwe munali bedi, mbaula ndi msomali wopachikapo yunifomu. Mwezi ukatha ndinkatumiza ndalama pafoni, Mutinta n'kuyankha kuti, "Nalandila." Makalata athu achikondi anali amenewo.

Ndiye ndinalowa m'mabuku. Loyamba linali la abale awiri olimbirana famu ya bambo awo. Kenako la nkhondo yakale ya kwa azungu, lalitali ngati msewu wa ku Lusaka, limene linkandigonetsa pa chiwongolero basi itaima. Panali la mayi wina dokotala amene anabisa cholakwa cha mnzake, ndi la woyendetsa sitima ya pamadzi amene antchito ake anamuukira. Ena ndinawasiyira panjira chifukwa owerenga ake ankalankhulira m'mphuno. Makutu akatopa ndinkagula mabuku a mapepala kwa munthu woyala pansi pafupi ndi siteshoni, onunkha mikodzo ya makoswe. Lina ndinafika kumapeto n'kupeza masamba omaliza palibe. Ndinabwerera ndili moto. Mwini wake sanadzuke n'komwe. "Mapeto ni yamene imwe mufuna, bosi." Panalinso kabuku kophunzitsa kuugwira mtima, kamene Mutinta anandilowetsera m'chikwama mwakachetechete. Ndinakawerenga mpaka pakati, n'kukaponyera kukhoma.

Lero ndikati ndikumbukire chaka chimenecho, nkhani zambiri zinasakanikirana m'mutu. Chimene chinatsala ndi malo. Buku la nkhondo limandinunkhira dizilo. La dokotala ndi mvula ya Januwale ikumenya denga la basi, ine ndekhandekha m'mipando yonse ija. Sindinganene kuti mabuku anandisandutsa munthu wabwino. Anangonditchingira kuti ndisamve mmene kunalili zii.

Lamlungu loyamba ndinaimba ndili ndi zambiri zonena.

"Atate, buku la abale aja mwaliona bwanji?"

"Labwino."

"Basi?"

"Labwino ndithu."

Ndinafunsa za mankhwala, za mvula, n'kudula. Milungu ingapo inapita choncho. Kenako tsiku lina iwo anayamba okha. "Koma wamng'ono uja wandimvetsa chisoni, kugwidwa ndi ng'ona chonchija."

"Ng'ona iti? M'buku muja mulibe ngakhale mtsinje!"

"Ilimo. Iwe sunamvetsere."

Ndinapsa mtima. Ndinawafotokozera nkhani yonse kuyambira pamaliro a bambo aja mpaka kukhoti, ndikukuwa, anthu a m'shopu akusuzumira. Iwo ankangoti, "Ayi, si choncho," ine n'kuyambiranso. Yuniti inatha tili pakati.

Sabata yotsatira zinakula. Msilikali wa m'buku la nkhondo anakwatira dokotala wa m'buku lina. Kenako m'sitima ya pamadzi munalowa kapitawo wawo wakale wa ku njanji, munthu amene anamwalira ine ndili ku sekondale. Poyamba ndinkangokwiya. Kenako ndinayamba kuopa. Mkulu wawo wa atate, ku Katete, anayamba chomwechi, kusakaniza nkhani ndi mayina. Pambuyo pake sankazindikira ana ake, ndipo tsiku lina anatuluka m'nyumba n'kukapezeka kudambo atafa. Ine maliro amenewo ndinapitako. Chimene ndinkaopa chinali chimodzi, kuti mutu wa atate ukutha ine ndili kutali, ndipo ndidzabwera iwo osandidziwa.

Ndinafunsa Mutinta. "Bali che bwino, bashi Chipo," anatero, poti ndi mmene amanditchulira, kutanthauza bambo a Chipo. "Bakudya, basamba beka, banikumbusa na vamene naibala. Ndimwe muganiza maningi." Koma iye amawaona kukada, atatopa. Ndinamuuza awaperekeze kuchipatala, atate n'kukana, ati sadwala. Nanga wodwala mutu amavomera?

Chaka chili pafupi kutha, kapitawo wathu wa mabasi anandiitana. Ngakhale ndinali wovuta, basi sindinaigunditsepo, ndiye ankafuna ndisaine chaka china, malipiro atakwerako. Ndinati ndiyankha Lolemba. Lamlungu limenelo atate anandiuza mmene buku la sitima linathera. Ati woyendetsa uja anafika ku Katete, n'kutsika, n'kufunsa kuti amayi anga ali kuti, chifukwa anawabweretsera nsalu. Amayi anamwalira kalekale. Tsiku limenelo sindinakuwe. Ndinakhala pakhomo pa kachipinda kanga foni ili m'manja mpaka miyendo inachita dzanzi.

Lolemba ndinakana. Kapitawo anati, "Ba Phiri, ganizani bwino. Pageti pali bantu bambili bofuna iyi nchito." Ndinamuuza kuti awapatse, ndipo ndinawonjezera mawu ena osafunika.

Livingstone ndinaipeza ikuwotcha monga mwa nthawi zonse, magetsi kulibe, matakisi atandandalika m'tauni, madalaivala ochuluka kuposa okwera. Atate anali pakhonde, malaya atamanga mabatani mpaka m'khosi. Ndisanalankhule anati, "Lameki, ukukokabe phazi lamanzere." Anandifunsa za msewu wa ku Mazabuka, za mtengo wa ufa ku Solwezi, za mayeso a Chipo, n'kutchula ngakhale phunziro limene linamuvuta. Ndinakhala ndikuwayang'anitsitsa masiku angapo ngati nesi. Sindinapeze cholakwika. Ndinayamba kuganiza kuti mwina matendawa amabwera ndi kupita.

Tsiku lina masana ndinati, "Atate, kawailesi kaja kali kuti? Timvere limodzi."

"Funsa apongozi anga. Mwina amaikamo nyimbo za kutchalitchi."

"Nanga mabuku mumamvera pati?"

Anaseka, kuseka kwenikweni, mpaka kutsokomola.

"Ndinamvera tsiku limodzi lokha. Munthu uja amangoyankhula ngati mvula pamalata. Ndinamuuza abwereze, sanabwereze. Ndinamuuza kuti akunama, anangopitiriza. Ndinamutukwana, osakwiya. Munthu wotero ungacheze naye?"

"Nanga ng'ona ija? Nanga kapitawo wanu m'sitima?"

"Nditakuuza kuti buku ndi labwino unatani? Unafunsa za mapiritsi n'kudula. Nditaikamo ng'ona unandifotokozera buku lonse mpaka foni inanditentha khutu. Mabuku onsewo ndawamva, Lameki. Ndawamvera kwa iwe. La dokotala lija unalikamba bwino kwambiri."

Ndinaimirira mpando n'kugwa. "Atate, ine ndasiya ntchito! Ndimaganiza kuti mutu wanu wasokonezeka ngati wa atate aakulu!"

Kuseka kunatha. Iwo ankaganiza kuti ndabwera patchuthi. Anapapasa ndodo yawo, n'kuigwira ndi manja awiri.

"Ine sindinakuuze kuti usiye."

"Munatchula amayi!"

"Pamenepo ndinapitirira," anatero motsitsa mawu. "Zonama zinali zitandithera."

Ndinatuluka. Ndinayenda wapansi dzuwa lili pamutu mpaka ku Highlands, kudutsa mipanda ya anthu ndi agalu awo, ndikuyankhula ndekha ngati wamisala. Ndinaimba ku Solwezi ndili pansi pa mtengo wa mango. Malo anga anali atapatsidwa kale munthu wina.

Madzulo ndinamuuza Mutinta zonse. Anali akuvula nsapato, mapazi atatupa. Sanadabwe kwambiri, sanandinyozenso, ngakhale akanatha.

"Ninakuuzani kuti bali bwino. Manje tizadya mabuku?"

"Iwe sunkaona kuti munthuyu akusowa wocheza naye?"

"Ine nikabwela nalema, bashi Chipo. Nibapasa moni, nibapasa vakudya, nibachapila. Ni bapongozi banga, siningakangane nabo. Mufuna nichite chani futi?"

Poti tsopano ndinali lova, ndinakhala pakhomo n'kuona tsiku la atate mmene limayendera. Mutinta akatseka geti m'mawa, nyumba imangoti zii. Anzawo a ku njanji ena anamwalira, ena anabwerera kumidzi. Oyandikana nafe amakuwa moni pampanda n'kupitirira. A kutchalitchi akabwera amakhala m'mphepete mwa mpando, amapemphera, ndipo chilichonse chimene atate anena amayankha, "Inde, agogo. Zoona, agogo." Atate atanena kuti mbuzi imaikira mazira, iwo adzati zoona. Palibe amene amawachitira nkhanza. Onse amawalemekeza, ndipo ulemu umenewo ndi umene unawatsekera kunja. Ine ndinkaganiza kuti ku Solwezi ndiko kunali kusungulumwa. Kumeneko ndinali ndi basi, fumbi ndi anthu oyambana nawo.

Sindinawakhululukire msanga. Sabata yathunthu ndinkangowapatsa moni ngati mlendo, iwonso osandiputa. Panopa ndimagwira maganyu. Mnzanga akatopa amandibwereka takisi yake, tsiku lina ndimapeza alendo opita ku mathithi, tsiku lina ndimangowotcha mafuta. Chibwerereni sindinamalize buku ngakhale limodzi. Ndikaika timahedifoni m'makutu ndimagona.

Dzulo ndinabwera wopanda kanthu, msana ukuwawa, njala ikundipweteka. Mutinta anali atafika kale, akukoleza mbaula. Ndikudutsa pakhonde atate anati, "Lameki, ndimaganiza pano. Ku Solwezi kuja ukanamapitako kumudzi kumapeto kwa sabata. Si pafupi ndi Katete pomwepa?"

Ndinaima. Munthu ameneyu dziko lino amalidziwa ngati chikhatho chake. Ndinadziwa kuti ndi nyambo, iwonso anadziwa kuti ndadziwa. Mutinta anandiyang'ana, n'kupukusa mutu, n'kupitiriza kukupiza makala. Ndinkafuna kungosamba ndigone.

Ndinakoka mpando.

"Atate, zaka zonse zija ku njanji, mapu simunawaonepo? Solwezi ili kuti, Katete ali kuti?"

Anatembenuzira khutu kwa ine, n'kukhala bwino pampando wawo.

"Ukunama," anatero. "Tandiuza."