Lipoti Lomwe Ndinakawerenga Kutsidya kwa Shire

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha Chisena cha amayi anga. Kopaletivi ina ya alimi ku Nsanje inkafuna kalaliki wodziwa kutayipa, wothanso kulankhula ndi anthu a kutsidya, kwa Nyachikadza. Inali nthawi ija zipani zitangochuluka, mabungwe akubadwa paliponse. Ine ndinali ndi satifiketi ya kutayipa ndi pakamwa posatseka, basi anandilemba.

Kumapeto kwa chaka ntchito yaikulu inali lipoti la chuma. Manijala wathu, a Semba, ankalemba pamanja, ine n'kutayipa pa makina akale, kaboni pakati pa mapepala. Zolowa, zotuluka, katundu wa bungwe, kenako zoti zichitike chaka chamawa. Zonse m'Chingerezi, poti owerenga anali maodita, ofufuza mabuku a ndalama aja, ndi azungu otithandiza. Kwa eni ake a bungwe, alimiwo, chinkafunika ndi chala basi: adinde papepala kuti lipoti alimva ndipo avomereza.

Chaka chimenecho lipoti linali ndi ndime yowawa. Madzi osefukira anatiluzitsa, ndiye a Semba analemba kuti boti la injini la bungwe ligulitsidwe. Botilo ndi lomwe linkawolotsa mbatata ndi chimanga cha anthu a kutsidya kupita kumsika, masiku ena amayi oyembekezera kupita kuchipatala.

Tsiku logawa mbewu a Semba anandipatsa inki ndi pepala lija. "Aliyense wolandira mbewu adinde apa. Usavutike n'kuwerenga, sangamve zimenezi. Akufuna mbewu basi."

Ndinawoloka mtsinje mtima ukuwira. Amayi anga anabadwira m'dambo la kutsidyako, ndipo sindinawaonepo akulephera kumva nkhani yokhudza chinthu chawo. Nditafika ndinakhala pa thumba la mbewu n'kutsegula lipoti. Ndinamasulira ndime ndi ndime, m'Chimang'anja kenako m'Chisena, dzuwa la kuchigwa likutiwamba. Ena anayamba kung'ung'udza kuti ndikuchedwetsa mbewu. Sindinasiye. Kenako ndinafika pa nkhani ya boti.

Mayi Zuze, mtsogoleri wa alimi a kumeneko, anaimirira. "Bwereza pamenepo, mwananga."

Ndinabwereza.

"Nkhabe!" anakana m'Chisena. "Chala changa sichigulitsa boti. A Semba abwere okha, adzatiuze pamaso."

Mbewu ndinagawa yonse, inali yawo kale. Pepala linabwerera loyera.

A Semba atalitembenuza uku ndi uku anamenya tebulo. "Ndinakutuma kukadinditsa anthu, osati kukachititsa msonkhano! Ukudziwa amene amakulipira iwe?"

"Ndikuwadziwa, bwana. Ndi omwe ndawawerengera lipoti aja."

Popanda zala zija lipoti silikanapita kwa maodita, choncho msonkhano weniweni unaitanidwa. Anakangana tsiku lonse, mpaka anagwirizana zoti wokwera boti aziwonjezera pang'ono ya mafuta. Boti linatsala. Ine mwezi utatha anandiuza kuti bungwe silingathenso kusunga kalaliki. Ndinalira panjira, sindibisa, chifukwa kunyumba ankayang'ana ine. Koma kupepesa sindinapepese.

Ndadutsa m'maofesi ena kuchokera pamenepo, makina otayipira aja anatha kalekale. Lipoti likhale la chikuto chonyezimira bwanji, kwa ine silinathe ngati mwini wake wa chuma sanalimve m'chilankhulo chake. Mpaka lero bwana akangoti "sangamve zimenezi," ndimanyamula lipotilo, ndipite ndikaone ndekha ngati samvadi.