Tsar, Aneba Anga ndi Alamu Anga

Kwathu munthu akakuchitira zabwino umamukweza: wokunyamulira thumba ndi bwana, wokupatsa mpando ndi mfumu. Ndiye m'mawa wina kuno ku Brampton, aneba anga, bambo wachikulire wochokera ku Ukraine, atandichotsera chipale chofewa pakhomo ndi makina awo, ndinafuna kuwathokoza mwakwathu koma m'mawu a kwawo. Mawu amene ndinkawadziwa anali amodzi okha, otchulira mafumu akale a kumeneko. Ndinavula chipewa, n'kuwerama pang'ono.

"Zikomo kwambiri, tsar!"

Anazimitsa makina. "Agogo anga anazunzika pansi pa anthu amenewo," anatero m'Chingelezi. "Kwathu dzina limenelo sitipatsa ngakhale galu." Basi, analowa m'nyumba.

Ine sukulu ndinalekera Fomu 2, koma palibe pepala limene limandidutsa. Ndimawerenga m'basi popita kuntchito, ndimawerenga pa nthawi yopuma kumene timapakira makatoni. Pakati pa Amalawi kuno, ulemu wanga wonse unali umenewo: mkangano ukabuka, ankati tifunse owerenga aja.

Kulakwa kwachiwiri kunali kuuza mayi a kunyumba. Iwo anauza achimwene awo, alamu anga, a madigiri awiri, ogwira ntchito ya makompyuta ku Markham, amenenso ndi mkulu wa mpingo. Pofika madzulo, pagulu lathu la pafoni panali chithunzi changa atachiveka chisoti chachifumu. Lamulungu kutchalitchi, ana amene sadziwa ngakhale kuyankha moni wa Chichewa ankandigwadira, uku akuseka.

"Kuwerenga kwa m'basi kumeneko, alamu," anatero alamu angawo pamaso pa anthu. "Mukanandifunsa. Amenewo ndi mawu a Chirasha enieni, tanthauzo lake munthu wankhanza."

Onse anaseka. Inenso ndinaseka, koma chiganizo chimenecho ndinachipinda bwinobwino n'kuchisunga mumtima. Mayi a kunyumba anati ndipemphere kuti ndikhululuke. Ndinapemphera ndithu, kenako ndinakwera basi ya kulaibulale.

Milungu itatu ndinaithera kumeneko, ndipo sindinawerengepo ndi mtima woipa chonchi. Ndinapeza kuti mawuwa sanabadwire ku Russia ayi. Anachokera ku Roma, kwa Kaisara yemwe uja timamumva kutchalitchi. Poyamba linali dzina la banja, kenako linasanduka udindo wa olamulira. Anthu a zilankhulo za Chisilavo, monga Arasha ndi a ku Ukraine, analitenga n'kumati tsesar, lilime n'kulifupikitsa kukhala tsar. Mafumu a ku Bulgaria analivala Arasha asanaliyambe. Ajeremani nawo anatapa pomwepo, n'kumati kaiser. Ndipo nkhanza mulibemo: m'mapemphero akale a kumeneko, mawu oti ufumu, ngakhale wakumwamba, anawumbidwa kuchokera ku mawu omwewa. Nditawerenga pamenepa ndinaseka ndekha mpaka mayi woyang'anira mabuku ananditembenukira.

Ndinadikira. Mpata unapezeka paphwando la mwana wa anzathu ku Oakville, Amalawi ndi a ku Zambia titadzaza pabalaza. Ndinawasiya alamu atenge mbale, akhale pakati monga amakondera.

"Alamu," ndinatero modzichepetsa, "ine wa Fomu 2, tandikumbutseni. Mawu aja munati anachokera kuti?"

"A Tsar ayambanso! Ndinati ku Russia. Wankhanza."

"Mukutsimikiza?"

"Handiredi pesenti."

Ndinaika mbale yanga pansi. Ndinayambira ku Roma, pang'onopang'ono, osadumpha mtunda ngakhale umodzi. Nditafika pa Kaisara ndinati, "Ameneyu, alamu, mwatilalikira za iye kangati? Mwana wake wakudutsani pamphuno, inu osamuzindikira?"

Mayi wina wa ku Chipata anawomba m'manja. "Awe, mwawasiliza ba elder! Yankhani kaili!"

Alamu anatulutsa foni. Anaseweretsa chala, kukweza, kutsitsa, nkhope ikugwa. Pomaliza anati netiweki ikuvuta, m'nyumba imene ana onse ankaonera makanema pafoni. Ndikanayenera kumva chisoni. Ndinakatenganso nyama.

M'galimoto mayi a kunyumba anandifulatira mpaka kufika.

Mawa lake ndinapeza aneba anga akutulutsa mabini a zinyalala. Chichitikireni zija tinkangogwedezerana mitu. Ndinapepesa bwinobwino, n'kuwafotokozera mwambo wathu wokweza munthu, za chithunzi chija, za laibulale, mpaka za netiweki. Anamvetsera atagwira chivundikiro cha bini, osaseka.

"Ndiye mawu amenewa ndi a Aroma?"

"Eya."

"Mafumu amenewo, ngakhale dzina lomwe anachita kutenga kwa eni ake," anatero, akupukusa mutu. Kenako anandiloza ndi chala. "Koma iwe, milungu itatu chifukwa cha mlamu mmodzi? Ine ndili nawo anayi, ndipo wamkuluyo akubwera Loweruka. Amati amadziwa zonse za njuchi. Pita ukayambe kuwerenga."