Pepala la Mtima wa Wongani

Ndili dokotala watsopano ku Mzuzu, anandibweretsera Wongani wa ku Zolozolo atakomoka posewera mpira. Pa pepala la ECG, loonetsa kagundidwe ka mtima, panali kamzere kokhota pang'ono, ndipo mafunde ena anali ozondoka. Ine ndinati mawaya sanagwire bwino, akapume kunyumba.

Anesi achikulire, a NyaNyirenda, anasuzumira pepalalo n'kumufunsa, "Kwanu alipo anamwalira mwadzidzidzi?"

"Akulu anga, m'bwalo la mpira."

Anali matenda akumtundu, owononga mnofu wa kumanja kwa mtima.

"Ndimati ndifunse zomwezo," ndinanama.

"Yewo, adokotala," anatero a NyaNyirenda, osaseka n'komwe.

Wongani anasiya mpira, ali moyo. Akatipeza amauza anthu kuti ndine ndinamupulumutsa. A NyaNyirenda amavomereza ndi mutu, ine n'kumayang'ana nsapato zanga.